Mapiritsi a mu Mpendero

Lachiwiri, 4 Juni

Mwana wa eni ukamulowetsa m'nyumba, umadzamutulutsa bwanji? Funso limeneli landikhala pamtima chiwerukireni, ndipo aliyense amene ndimuuze nkhaniyi ayamba ndi lomweli. Mwanayo ali m'chipinda cha mashini osokera, wagona chafufumimba ndi nsapato zomwe.

Ndilembe bwinobwino mmene zayendera, kuti ndikadzafunsidwa ndisadzasokoneze.

Ndi Wamtali, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi uja amabwera pawindo langa la mankhwala mwezi ndi mwezi kudzatengera mlongo wake mapiritsi a khunyu. Dzinali tinamupatsa ndife kuchipatala, chifukwa amachita kuwerama kuti nkhope ioneke pawindo. Mlongo wakeyo ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo iye amamutchula Tsabola chifukwa cha pakamwa. Makolo awo ndi a mpingo wosamwa mankhwala. Mu Disembala mwanayo anagwa katatu sabata imodzi, Wamtali n'kumubereka mozemba kubwera naye kwathu. Adokotala anamuyeza n'kulemba mankhwala, ine ndinafotokoza kamwedwe kake: limodzi m'mawa, limodzi madzulo, osadumphitsa. Chiyambireni Tsabola sanagwenso.

Dzulo bambo awo, amene ndi kalipentala, anapeza kaenivelopu ka mapiritsi m'nsapato ya mpira ya Wamtali. Mapiritsi anawatentha pambaula, mnyamatayo n'kumuponyera zovala pabwalo. Wagona pakhonde la sitolo. Lero ndamupeza pageti la chipatala nthawi yoweruka, thumba la pulasitiki lili m'manja. Sanapemphe malo. Anangoti, "Adokotala, aja apsa. Mungandipatseko ena?"

Ndinamuuzanso, mwina kachikwi, kuti sindine dokotala koma wogawa mankhwala, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti... Ndinalekeza panjira, nditaona kuti milomo yake yachita kuuma ndi njala. Mwamwayi adokotala enieniwo anali asanachoke. Analembanso, ndinagawa. Nditamufunsa kogona anayang'ana pansi. Ndinati tiye.

Zolemba za pa kaenivelopu kamene kanapezedwa kaja ndi za dzanja langa. Ndikungolemba kuti ndisaiwale.

Lachitatu, 5 Juni

Ndadzuka iye kulibe. Ndivomere pano, poti palibe awerenge: ndinayamba ndayang'ana wailesi, kenako simbi, kenako chikwama. Zonse zilipo. Manyazi ndinachita ndekha m'khitchini mwanga momwe.

Wabwera cha m'ma seveni, mame ali m'miyendo. Akuti anapita kusukulu ya Tsabola. Kuseri kwa zimbudzi mpanda wa waya unang'ambika, ndipo anagwirizana kale kuti zikadzavuta azidzakumana pamenepo belu lisanalire. Wamupatsa la m'mawa ndi madzi a m'kabotolo.

Ndinafunsa za la madzulo. Anati zimenezo zili bwino. Ndinafunsa kuti zili bwino motani. Anati zili bwino basi, n'kupempha sopo.

Ndamuumiriza kuti naye apite kusukulu kwake. Malaya ake a yunifolomu anali makwinya okhaokha. Ndamusitira, iye ataima potero ngati ndikumuchita opaleshoni.

Lachinayi, 6 Juni

Amadya chiimirire. Mkate amadula kachidutswa koti ukhoza kuwerengera nyuzipepala kuseri kwake. Madzi akumwa amapempha. Ndamufotokozera kuti m'nyumba muno mpopi suwerenga makapu, wangoti zikomo, kenako n'kupemphanso.

Mpando wa malemu bambo ake a mwana wanga, umene wakhala ukugwedera zaka zisanu, lero ndaupeza uli nji. Akuti unangofuna kamtengo ndi guluu. Mwana wa kalipentala. Nditanena kuti bambo ake anamuphunzitsa bwino, nkhope inawala pang'ono n'kuzimanso. Anati, "Bambo anga si oipa. Amangoopa Mulungu kuposa mmene amationera ife."

Mwana wanga wamkazi waimba. Atangomva anati, amayi mwayamba liti kutola ana a m'misewu? Akuti tsiku lina ndidzadzuka m'nyumba mutatsala misomali yokha. Akuti makolo ake akadzabwera ndi apolisi ndidzawauza chiyani, poti mwanayo si wanga, si wa mlongo wanga, ngakhale wa neba. Ndinayamba kumufotokozera mwadongosolo. Anati, "Amayi, foni yanga ikutha moto, dumphani mawu oyamba." Anabadwa wotero.

Sanalakwitse zonse ayi. N'zimene zikundiwawa.

Lachisanu, 7 Juni

Tsopano ndadziwa za la madzulo, ndipo bola ndikanapanda kudziwa.

M'mawa ndinalowa m'chipinda chake kukatenga lumo. Ndamupeza wakhala pamatiresi, wadula pepala la pulasitiki la mkate tizidutswa ting'onoting'ono, akukulunga piritsi lililonse palokha n'kumanga ndi ulusi wanga woyera. Asanu, atandanda pabondo ngati mikanda.

Anaona kuti palibe kothawira, anafotokoza. Mpendero wa diresi ya yunifolomu ya Tsabola anaumasula pang'ono mkati, malo olowa chala chimodzi. Akakumana pampanda, mwanayo amagwada ngati akumanga nsapato, iye n'kulowetsa piritsi la madzulo mumpenderomo kudzera pawaya. Lero ndi Lachisanu, ndiye alowetsa asanu: la madzulo ano, awiri a mawa, awiri a Lamulungu.

Ndinakhala pampando wa mashini. Zaka makumi atatu ndi ziwiri ndakhala ndikuuza anthu kuti mankhwala aziika patali ndi ana. Lero mankhwala otuluka m'manja mwanga akusokeredwa m'chovala cha mwana wa sitandade 2. Ndinamufotokozera modekha zinthu zitatu. Akameza onse asanu nthawi imodzi, poti mwana ndi mwana, akhoza kugona osadzukanso. Akapatsako mnzake, ndi mlandu wina. Diresi ikachapidwa Loweruka, mapiritsi asungunuka ndipo akhala masiku awiri osamwa, pamene mankhwala a khunyu safuna kusiyidwa mwadzidzidzi.

Anamvetsera mpaka kumapeto, mwana waulemu. Kenako anati diresi sichapidwa Loweruka, ndipo Tsabola ndi wochenjera kuposa iye. Ndinafunsa kuti amamukumbutsa ndani nthawi ikakwana. Anati amakumbukira yekha. Ponena zimenezi ankayang'ana ulusi.

Ndinamulola kupita nawo. Ndikanatani? Tsiku lonse pawindo ndakhala ndikuwerenga mapiritsi a anthu kawirikawiri.

Loweruka, 8 Juni

Foni ikalira ndikuithamangira. Sanaimbe aliyense wa nkhaniyi. Wamtali wakonza chitseko cha bafa, wasesa pabwalo kawiri.

Lamulungu, 9 Juni

Anakaima tsidya la msewu, kuseri kwa thiraki yowonongeka, kuti aone a kwawo akupita kutchalitchi. Akuti Tsabola akuyenda bwinobwino, anali kudumpha ngalande. Bambo ake patsogolo ndi Baibulo. Amayi ake anamuona, n'kutembenuzira nkhope kumbali.

Atandiuza zimenezi analowa m'bafa n'kutsegula mpopi mwamphamvu. Nyumba yanga ndi yaing'ono, mpopi subisa kanthu. Ndinakazinga mazira atatu n'kuwasiya patebulo, ine ndinatuluka kukathirira maluwa amene ndinali nditathirira kale.

Wayamba kunditchula kuti amayi. Sindinamuuze ndine.

Lolemba, 10 Juni

Asanu onse anamwedwa pa nthawi yake, watero Tsabola pampanda. Ndapuma. Koma Lachisanu likubweranso.

Ndamuuza mnzanga wa pawindo, amene timamutcha Wailesi chifukwa satha nkhani. Anati zimenezi n'za ofesi yoona za ana, osati za gogo wokhala yekha amene watsala miyezi isanu ndi itatu kuti apume pantchito. Akuti mwana uja akameza asanuwo, dzina limene lidzatchulidwe ndi langa, osati la kalipentala. Liwu loti gogo ndalikhululuka.

Madzulo ndamutchulira Wamtali za ofesiyo. Anagwada. Mnyamata wamtali chonchija kugwada pasimenti ya khitchini yanga. Akuti aboma akawatenga bambo ake, amayi ake ndi Tsabola adya chiyani, ndipo kumpingo adzawaona bwanji. Akuti ndimupatse nthawi, mkwiyo wa bambo ake umatha ngati moto wa utuchi, umangofuna osaukolezera.

Ndiye ndinanena zimene zakhala m'mutu mwanga chiyambire Lachisanu: ndipite ndekha ndikacheze ndi bambo ake, munthu ndi munthu. Pawindo paja ndaona anthu ambiri okana mankhwala, ndipo ochuluka amakana chifukwa palibe anawakhazika pansi n'kuwafotokozera pang'onopang'ono. Timangowaponyera kaenivelopu n'kuitana wotsatira. Munthu ukamulemekeza, n'kumuonetsa mmene chinthu chimagwirira ntchito, amamva.

Anati, "Musapite, amayi. Chonde."

Ndinati ndiganizira.

Lachiwiri, 11 Juni

Uthenga wa Tsabola wochokera pampanda: akuti ndiwauze opanga mapiritsi aziikamo shuga, chifukwa awa ndi owawa ngati nkhope ya ahedi. Ndaseka mpaka kutsokomola. Mwana ameneyu ndamuonapo kawiri kokha, koma ndikumumva ngati mdzukulu.

N'chifukwa chake sindingathe kungokhala. Ndajambula chithunzi papepala: ubongo ngati nyumba ya mawaya a magetsi, khunyu ngati mawaya akakhudzana n'kuthetheka, piritsi ngati tepi yokulunga wayayo. Kalipentala amvetsa zimenezi. Ndachibisa m'chikwama. Mawa ndiweruka masana.

Lachitatu, 12 Juni

Ndinapita.

Shedi yawo ili kutsogolo kwa nyumba, denga la malata, utuchi mpaka m'akakolo. Zitseko zinayi zatsopano zitatsamira khoma. Ndinkayembekezera chilombo. Ndinapeza bambo wochepa thupi, wa imvi zapatalipatali, pensulo ili kukhutu. Nditadzitchula kuti ndine ndani komanso kuti mwana wawo ali kwanga, anapukuta mpando ndi malaya awo n'kundipatsa. Anaitana akazi awo kuti aphike tiyi. Anafunsa ngati mnyamatayo akudya, ngati akupita kusukulu. Anati Mulungu andidalitse pomusunga, koma pakhomo pawo adzabwerera akadzalapa pamaso pa mpingo.

Ndinatulutsa chithunzi changa. Anachiyang'ana mofatsa, anafunsanso mafunso anzeru: nanga tepiyo imakhala nthawi yaitali bwanji, nanga wayayo amadzachira? Mtima wanga unayamba kuvina. Ndinayankhula mwina theka la ola. Sanandidule ngakhale kamodzi.

Nditamaliza anapinda pepalalo bwinobwino n'kundibwezera. Anandiuza kuti Wamtali si woyamba kubadwa. Analipo wina, wamkazi, amene anamwalira ali ndi zaka ziwiri pabenchi ya chipatala china, ali pamzere, buku la kuchipatala lili m'manja mwa amayi ake. Bokosi anakhoma okha. Chichokereni kumanda sanapondenso pachipatala, ndipo anthu amene anawagwira dzanja nthawi imeneyo ndi a mpingo umenewu. Sanakweze mawu. Ine ndinalibe chithunzi cha zimenezo.

Ndikanalekera pamenepo. Ndikanapepesa, n'kumwa tiyi, n'kumapita.

Koma anapitiriza. Anati ndione ndekha: mapiritsi anawatentha masiku asanu ndi anayi apitawo, ndipo mwana sanagwe ngakhale kamodzi. Akusewera, akudya. Akuti Lamulungu akapereka umboni kutchalitchi kuti ena amene akubisa mankhwala m'nyumba zawo alimbe mtima, awataye.

Ena amene akubisa. Ndinaona ana ena, a shuga, a chifuwa, a khunyu, mankhwala awo akupsa pambaula chifukwa cha umboni wabodza umene ine ndikuudziwa. Ndikufuna kukhulupirira kuti n'chifukwa chake ndinayankhula. Koma mwina n'chifukwa chongoti munthu ananena cholakwika pamaso panga, ndipo ine chibadwire sindinathe kusiya cholakwika chidutse.

Ndinati, "Bambo, sanagwe chifukwa sanasiye kumwa."

Kumbuyo kwanga kapu inalira pambale. Akazi awo anali ataima pakhomo ndi thireyi, sindikudziwa kuyambira liti.

Anafunsa mofatsa kuti akumwera kuti. Ndinati zimenezo sindinganene. Anagwedeza mutu, n'kunena ngati akudziyankhulira kuti mwana akachoka pakhomo pano amapita malo amodzi okha. Anachotsa pensulo kukhutu, anaiyang'ana, anaibwezera. Kenako anati, "Mwandithandiza, mayi. Zikomo kwambiri." Anandiperekeza mpaka pamsewu.

Wamtali ndamupeza akuphika mpunga, akuimba chamumtima. Anafunsa ngati kuntchito kunali bwino. Ndinati kunali bwino.

Lachinayi, 13 Juni

Tsabola sanabwere pampanda. Wamtali anadikira mpaka belu, anadikira mpaka buleki, sanapite kusukulu kwake. Ndamupeza madzulo atakhala pasitepe, kabotolo ka madzi kali m'manja, akuti mwina wadwala, mwina wagwa, apite akasuzumire.

Ndinamuuza. Zonse, mpaka mawu amene ndinanena.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanaswa mbale. Anangondifunsa ngati ndinadzifunsapo chifukwa chimene diresi ija sichapidwa Loweruka, m'nyumba ya mayi amene amachapa ngakhale chigamba chopukutira mapazi. Amayi ake akudziwa. Akhala akudziwa chiyambire Disembala. Sanakhudzepo piritsi, sanafunsepo, sanalitchulepo, chifukwa akafunsidwa kumpingo akufuna kuyankha zoona. Chithamangitsidwire iye, diresiyo amaipachika pamsomali wa m'munsi kuseri kwa chitseko, ndipo m'mawa ndi madzulo amangoti, "Tsabola, kaone ngati yunifolomu yako ilipo." Mwanayo amapita, amamwa limodzi, amabwerera n'kuti ilipo. Amaichapa Lamulungu madzulo, mpendero uli wopanda kanthu, n'kuiumitsa ndi simbi.

Ndiye wokumbutsa analipo. Wowerenga analipo. Zonse zitatu zimene ndinkaopa, mayi uja anali atazitseka kale, osatsegula pakamwa.

Ndinafunsa kuti bwanji sanandiuze.

Anati, "Chifukwa mumafotokoza."

Sanadye.

Lachisanu, 14 Juni

Wapita. Bulangete lapindidwa pamakona anayi, kiyi ali patebulo, malaya amene ndinamupatsa a malemu awachapa n'kuwayanika. Watenga thumba lake ndi mapiritsi. Ulusi wanga waubwezera m'kabokosi.

Nthawi ya nkhomaliro ndinathamangira kusukulu ya Tsabola. Aphunzitsi ake akuti bambo ake anabwera dzulo n'kunena kuti mwanayo akhala kaye kunyumba. Ndinazungulira kuseri kwa zimbudzi. Wayayo alipodi wong'ambika, ndipo udzu wa mbali zonse ziwiri unagona pamalo pamene ankagwada.

La madzulo Lachitatu mwina anamwa, ngati diresi sanaifufuze. Kuyambira dzulo m'mawa, palibe. Ndikudziwa zimene zimachitika m'thupi mankhwala amenewa akasiyidwa chonchi. Ndafotokozera anthu mazanamazana. Lero ndikanakonda ndikanakhala wosaphunzira.

Loweruka, 15 Juni

Kumsika, pokwerera basi, pakhonde la sitolo paja, kubwalo la mpira. Anyamata a mawilibala akuti wamtali aliyense ndi wamtali, amayi, tipatseni chizindikiro china. Ndinapeza kuti sindikudziwa china. Masiku khumi m'nyumba mwanga, ndipo sindikudziwa mnzake ngakhale mmodzi.

Ndinafika mpaka pakona ya msewu wa kwawo. Macheka ankamveka. Ndinabwerera. Ndikanakanena chiyani chimene sichikanaonjezera moto?

Lamulungu, 16 Juni

Mwana wanga waimba. Ndinakonzeka kumva kuti ndinanena ine. M'malo mwake anangoti, "Amayi, mwadya?" Ndinalira ngati mwana, iye osadula foni. Moto wa foni lero sunathe.

Mpunga ndaphika wa anthu awiri mosazindikira.

Lolemba, 17 Juni

Ndapita ku ofesi yoona za ana, ngakhale Wamtali anandigwadira kuti ndisatero. Mlembi wake, mtsikana waulemu, akuti abwana ali kumudzi ndi nkhani ina, ndibwere Lachinayi. Ndinamufotokozera kuti Lachinayi ndi kutali kwa mwana amene wasiyitsidwa mankhwala a khunyu. Analemba zonse m'buku, n'kudula mzere pansi pa liwu loti mwamsanga. Sindikumuda. Galimoto ali nayo imodzi.

Wailesi wandigwirira windo ola lathunthu osadandaula. Nditabwerera anandiikira tiyi, n'kuti ndisazolowere.

Lachiwiri, 18 Juni

Cha m'ma teni, mzere utafika mpaka pakhonde, buku linalowa pawindo. Ndinaona dzina ndisanaone nkhope.

Mayi uja, mpango atautsitsa mpaka pansidze. Pambali pake Tsabola, mkono wamanzere uli m'bandeji kuyambira pachigongono mpaka kuzala, mlomo wotupa. Adokotala alemba kuti wapsa kwambiri, azibwera kotsuka mabala tsiku ndi tsiku, ndipo mankhwala a khunyu ayambirenso lero.

Mayiyo ankayankhula motsitsa, ndinachita kutulutsa khutu pawindo. Anagwa Loweruka kawiri. Dzulo madzulo anagwera pambaula, ndipo kuphuphako kunatenga nthawi yoti madzi akanawira. Bambo ake anapemphera mpaka mawu anatha, akulira. Lero apita kukapereka zitseko, abwera dzuwa likapendeka. Wamtali masiku onsewa wakhala akugona m'nyumba yosamalizidwa kuseri kwa kwawo, akuzungulira ndi mapiritsi m'thumba, koma mwanayo samatulutsidwa ngakhale pabwalo. Thiraki ya zitseko itangonyamuka, amayi ake anamuitana pampanda. Ndiye wamubereka mpaka kuno.

Ndinafunsa kuti ali kuti. Analoza kugeti ndi chibwano. Ndinasuzumira. Anali ataima kunja, atatsamira chipilala, msana uli kuno. Akuti wakana kulowa. Ndinapempha mayiyo akamuuze kuti chipinda chija sindinaikemo kanthu. Anati akamuuza, koma sakulonjeza.

Ndinafuna kupepesa. Mawu anadzadza m'kamwa, ndi mitu yake, ndi zifukwa zake. Wailesi anandiponda phazi pansi pa tebulo. Ndinangoti, "Ndinalakwa, mayi." Anayang'ana bandeji ya mwana.

Kenako anati sukulu kulibe, mpanda kulibe, mnyamata sangalowe m'nyumba. Watsala ndi iwo okha. Akuti chilowereni mumpingo sanagwirepo piritsi ndi dzanja lawo, ndipo akadzafunsidwa sadzanama, adzavomera kuti akumumwetsa ndi iwo, ndipo akudziwa chimene chidzatsatire. Anakankhira kaenivelopu kwa ine. "La lero mumwetseni inuyo. Ine ndiyamba mawa."

Mawa kulibe windo: bambo ake akakhala pakhomo, ngakhale kotsuka mabala mwanayo sadzabwera. Kudzakhala iwo okha, m'khitchini, macheka akulira panja.

Ndinatunga madzi m'kapu, ndinatsegula chitseko cha m'mbali n'kutuluka kupita mbali yawo. Pamzere anayamba kung'ung'udza, bambo wina akuti ena tabwera kusanache. Wailesi anamuuza kuti akafuna changu akadwalire kwa amalume ake. Ndinagwada pafupi ndi benchi, piritsi lili pachikhatho changa. Manja a mayiyo anali atawapinda m'khwapa.

Tsabola anawayang'ana, mlomo wotupawo ukumulepheretsa kutchula bwino. Anati, "Amayi, sililuma."

Ndinati, "Tayesani inuyo lero, ine ndili pompano."

Mayiyo anatulutsa dzanja lamanja.